MALONDA NDI MALIRE KU LUPANDE: CINGWE COYESERA CIKHALE CIMODZI

Munthu wobwera pa basi kucokera ku Chipata, kapena wotsika ndeke pa bwalo la Mfuwe, amaona cimene Cigwa casanduka asanafike ndi pa mlatho wa Luangwa pomwe. Mbali zonse ziwiri za msewu kwandandalika masitolo, tuntemba, zigayo, mabawa, nyumba zogona apaulendo, malo owocherera zitsulo, ndi amai ogulitsa tomato, nsomba ndi zitumbuwa. Pa Cropping, dzina limene linatsalira pa nchito ya Boma ya m'zaka za m'ma 1960 yopha njobvu ndi mvuu kuti zicepe, lero pali malonda amene sagona msanga. Kutsogolo pang'ono, m'mphepete mwa mtsinje, kuli maloji a alendo odzaona nyama. Zonsezi ndi thukuta la anthu, ndipo wozinyoza ndi iye amene sanalererepo mwana.

Koma abale, tiyeni tiyerekeze anthu awiri pa msewu umenewu. Woyamba ndi mai wamasiye amene anapempha kamalo kwa nyakwawa, naumba njerwa, namanga kasitolo. Patapita zaka zisanu munthu wa khonsolo afika ndi kalata yonena kuti anamanga pamalo posayenera, agwetse. Waciwiri ndi mwini ndalama amene anapeza malo akulu pa gombe la mtsinje, natenga mapepala ku Lusaka, namanga mpanda. M'kati mwa mpanda umenewo mwatsekeredwa doko limene anthu ankatungapo madzi, ndi njira imene njobvu zinkatsikira kukamwa. Mai uja alira kuti, "Mulikundiphera ufulu wanga wa malonda." Mwini ndalama uja, mukamfunsa za mpanda, ayankha ndi mau omwewo. Kodi onse awiri alikunena zoona? Nanga ndani ayenera kuweruza, ndipo aweruze ndi muyeso wotani?

Yankho lathu ndi ili. Malire a malo ocitirapo malonda ndi ofunika, ndipo ku Lupande ndi ofunika koposa m'madera ena ambiri a dziko lino. Koma malire amene anthu angawalemekeze ndi okhawo amene analembedwa poyera, munthu asanaumbe njerwa, eni dera atanenapo maganizo ao, amenenso amayesedwa ndi cingwe cimodzi kwa mwini loji ndi kwa mai wa tomato. Malire ena onse ndi cikoti cabe m'manja mwa amphamvu.

DERA LIMODZI, ENI MPHAMVU ANAI

Lupande si tauni wamba. Ndi dera losungiramo nyama m'mene mumakhalanso anthu, loyandikana ndi nkhalango ya South Luangwa ca kum'mawa. Nkhalangoyo, ya masikweya kilomita 9,050, inakhazikitsidwa monga paki m'caka ca 1972, ndipo m'kati mwake munthu saloledwa kumanga mudzi kapena kulima munda. Tsidya lino ndi dziko la Akunda, la mafumu asanu ndi mmodzi: Mfumu Yaikulu Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 100,000 m'boma la Mambwe. Anthu aculuka, malonda akula, koma gombe la Luangwa silinatalike ngakhale ndi phazi limodzi.

Tsono pa kamalo kamodzi komweko pali eni mphamvu anai. Pali mfumu ndi nyakwawa zake, amene amagawa malo monga mwa mwambo. Pali khonsolo ya Mambwe, imene imapereka zilolezo za malonda, imayang'anira misika ndi ukhondo, ndipo iri ndi udindo pa mapulani a citukuko ca boma lonse. Pali dipatimenti yoyang'anira nyama za kuthengo, imene inalowa m'malo mwa ZAWA pambuyo pa lamulo la nyama la 2015. Lamulo limenelo linati munthu wokhala m'dera losungiramo nyama ayenera kutsata pulani ya kasungidwe ka deralo. Pomariza pali Unduna wa za Malo ku Lusaka, kumene kumacokera pepala la lendi ya zaka 99. Ndipo pa nchito yaikulu monga loji, bungwe la ZEMA loteteza cilengedwe liri ndi mau akenso.

Akulu anati mapanga awiri abvumbwitsa. Nanga mapanga anai? Wamalonda wamng'ono amapita kwa nyakwawa, nauzidwa kuti amange. Atamanga, akumva kuti malowo ndi a msewu. Akakonza zimenezo, akumvanso kuti ndi njira ya nyama. Ofesi iri yonse irikunena zoona monga mwa buku lake, koma palibe ofesi imene inamuuza zonse pamodzi asanagule simenti. Wolemera ali ndi galimoto ndi loya. Mapanga onse anai amawayendera m'sabata imodzi, nabwera kwao wosanyowa. Apa ndi pamene pagona mkangano wa ufulu wa malonda ndi malamulo a kagawidwe ka malo m'Cigwa cathu.

CIFUKWA CAKE MALIRE AFUNIKA

Alipo ena amene amati, "Malo ndi anga, ndalama ndi zanga, angandiletse ndani?" Enanso amati mapulani ndi nzeru za azungu zoyenera ku Kabulonga, osati kuno. Maganizo awiri onsewa ndi olakwa. Makolo athu sanali kujambula mapu, koma malire anali nao. Panalibe womanga nyumba kumanda kapena wodula mtengo wa kumeneko. Panalibe wokumba cimbudzi pafupi ndi citsime ca mudzi. Madimba anali ndi malo ao, ndipo bwalo la milandu silinali la munthu mmodzi. Ngakhale cuma ca alendo cimene cirikudyetsa Mfuwe lero cinayamba ndi mzere: ca m'ma 1950 Mfumu Nsefu inagwirizana ndi Norman Carr kupatula mbali ya dziko lake kuti ikhale ya nyama, ndi kuti ndalama zolipira alendo zipite ku thumba la ufumu. Mwini loji ali yense wodandaula za malire akumbukire kuti popanda malire nyama zimene alikugulitsa kwa alendo ake sizikadakhalapo.

Pali zifukwa zitatu zimene munthu wa kuno safuna mphunzitsi kuti azimvetse.

Coyamba, njobvu siwerenga pepala la lendi. Cirimwe cikafika imaoloka Luangwa madzulo kutsata mango ndi nkhokwe, ndipo imayenda m'njira zimene inaphunzira kwa make. Mukachinga njira imeneyo ndi mpanda wa magetsi kapena ndi mzere wa nyumba, njobvu sibwerera ku paki. Imapatukira ku mudzi wapafupi. Womanga mpanda agona tulo take, koma wopanda mpanda ndiye acezera usiku wonse kuomba zitini ndi kufukiza mphiripiri. Nthawi zina m'mawa mwake kumakhala maliro. Ufulu umene umalipiridwa ndi nkhokwe ya mnansi si ufulu, ndi ngongole imene wina walembera mnzake.

Caciwiri, mtsinje uli ndi malamulo ake. Kuciyambi kwa 2007 Luangwa inasefukira, nimiza misasa ya alendo, nyumba ndi minda m'dera la Mfuwe. Madzi sanafunse kuti mwini wake ndani. Mtsinje umenewu caka ndi caka umadya gombe lina ndi kusiya mcenga ku gombe lina. Khonsolo imene ikaniza munthu kumanga m'dambo kapena pa gombe logumuka irikupulumutsa ndalama za munthu yemweyo, ngakhale kuti tsiku limenelo acoka pa ofesi ali wokwiya.

Cacitatu, matenda. Tiyeni tiphunzire pa zimene zinagwera Lusaka. Kolera inayamba kumeneko mu Okutobala 2017, nidwalitsa anthu oposa 5,000. Boma linatuma asirikali kucotsa ogulitsa m'miseu, ndipo mu Januwale 2018 ku Kanyama kunabuka cipolowe. Amene anataya katundu ndi pogulitsira sanali eni masitolo akulu. Anali amai a masamba ndi anyamata a salaula. Kwa zaka zambiri malonda anakula popanda zimbudzi, popanda ngalande ndiponso popanda madzi abwino, ndipo lamulo limene linacedwa kubwera ndi mapu linadzabwera ndi nsapato za asirikali. Kuongola mtengo mpoyamba. Misika ya m'mbali mwa msewu wa Mfuwe idakali ya msinkhu woti ingaongoledwe popanda kuthyola.

Ndipo munthu asatinyenge kuti maiko olemera alibe malire otere. Ku America, dziko lodzitama ndi ufulu wa malonda, kampani ya Ambler Realty inasumira mudzi wa Euclid m'cigawo ca Ohio, niti lamulo lopatula malo a nyumba ndi malo a mafakitale lagwetsa mtengo wa malo ake. M'caka ca 1926 Khoti Lalikulu Koposa la dzikolo linagamula kuti mudziwo unali ndi mphamvu yocita motero pofuna kuteteza umoyo ndi mtendere wa anthu ake. Ngati mudzi wopanda njobvu unaona kuti malire afunika, nanga ife?

DANDAULO LA WAMALONDA NDI LOONA

Koma tikadalekera pomwepa tikadakhala titanena theka la coonadi. Wamalonda wamng'ono akamadandaula, sikuti ndi wosamvera. Ali ndi mfundo, ndipo mfundo zake ziri m'mbiri ya malamulo athu.

Lamulo lakale la mapulani a matauni, limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 1962 dziko likali m'manja mwa atsamunda, silinkafika m'malo a mafumu. Linakhala zaka zoposa 50. Pa zaka zonsezo munthu womanga sitolo m'dziko la mfumu ankafuna mau a nyakwawa, ndipo anali wolungama. M'caka ca 2015 Nyumba ya Malamulo inapanga Lamulo la Mapulani a Matauni ndi Madera, nambala 3 la caka cimeneco. Lamulo latsopanoli linafikitsa mapulani ku dziko lonse. Linalola khonsolo kupangana ndi mfumu pangano la kagawidwe ka malo a mwambo, linalamula kuti boma liri lonse likhale ndi pulani imodzi ya citukuko imene anthu apatsidwa mpata wonenapo, ndipo linakhazikitsa mabwalo ocitirako apilo pa nkhani za mapulani. Linaperekanso mphamvu kwa Nduna yosaina pangano m'malo mwa mfumu yokana, ngati kutero kuli kokomera anthu onse. Mphamvu imeneyi ndi mpeni wakuthwa, woyenera kukhala m'cimake kufikira njira zonse zokambirana zitalephera.

Tsono onani bvuto. Lamulo linafika mocedwa, nilipeza nyumba zitaima kale. Kodi ndi cilungamo kuuza munthu amene anamanga mu 2005 kuti anaphwanya mzere umene unajambulidwa zaka khumi kapena makumi awiri pambuyo pake? Iye sanalumphe mzere. Mzere ndiwo unampeza.

Palinso nkhani ya mtengo wa nthaka. Pa 30 Juni 1975 Mtsogoleri Kenneth Kaunda analengeza kuti nthaka yosamangidwapo kanthu siidzagulitsidwanso, ndipo lamulo lotero linatsatira caka comweco. Lamulo la Malo la 1995 linatembenuza zimenezo: nthaka inakhalanso ndi mtengo, ndipo malo a mwambo analoledwa kusandutsidwa a lendi. Sitirikuweruza pano kuti njira yabwino inali iti. Tirikungonena cimene ali yense waona: kuyambira pamenepo gombe la Luangwa liri ndi mtengo, ndipo wokhoza kulipira mtengowo mau ake amamveka patali. Pepala la lendi limalemekezedwa ku banki ndi ku khoti. Mau a nyakwawa, amene mai wamasiye uja adalira, kawiri-kawiri sanalembedwe pali ponse.

Onjezanipo mtolo wa zilolezo. Wotsegula kamalo kodyera afunika cilolezo ca malonda, ca zaumoyo, ca zozimitsa moto, ndipo ngati agulitsa mowa, ca mowanso. Munthu wa kwa Malama kapena kwa Msoro ulendo umodzi wa ku boma umamdyera phindu la masiku angapo, maka-maka m'dzinja mitsinje itadzaza. Akafika nauzidwa kuti bwana kulibe, abwere mawa, kodi tidabwe akabwerera kukamanga usiku? Lamulo loyang'anira kaikidwe ka malamulo a malonda la 2014 linapangidwa ndi colinga cocepetsa mtolo umenewu. Linati bungwe la Boma lisanaike cilolezo kapena msonkho watsopano liyambe lafunsa ocita malonda ndi kuyesa m'mene cidzawakhudzira. Mau amenewo anenedwe ku Jumbe monga amanenedwa ku Lusaka.

LAMULO LIMENE LIMAMANGA MANJA A WOLAMULA

Ambiri a ife timadziwa lamulo monga cinthu cimene Boma limagwirira munthu. Koma liripo gawo lina la malamulo limene munthu amagwirira Boma. Ndilo lamulo la kayendetsedwe ka nchito za Boma, ndipo limaima pa mizati inai. Woyamba: wogwira nchito ya Boma sangacite cinthu cimene lamulo silinampatse mphamvu yocitira, ngakhale colinga cake cikhale cabwino motani. Waciwiri: munthu asanalandidwe pogulitsira kapena kugwetseredwa nyumba, ayenera kuuzidwa mlandu wake ndi kupatsidwa mpata woyankha. Wacitatu: cigamulo cikhale ndi zifukwa zomveka, zoti munthu angazitengere kwa woweruza wina. Wacinai: pasakhale kukondera, kaya kwa cibale, kwa ndalama, kwa mtundu kapena kwa cipani.

Izi si nthano za m'mabuku a ku ulaya. Zinayesedwa m'dziko lino Ufulu udakali wakhanda. Ku Kitwe kunali wamalonda wina, a Chilufya, amene ankagulitsa mu msika wa Chimwemwe. Anaima pa masankho a khonsolo m'dzina la African National Congress, cipani cotsutsa ca masiku amenewo. Pambuyo pake khonsolo ya mzindawo inagamula zomcotsa mu msika. Iye anapita ku Khoti Lalikulu, ndipo m'caka ca 1967 khotilo linati khonsolo inalakwa. Linabvomereza kuti khonsolo iri ndi mphamvu pa misika yake, koma linati mphamvuyo iyenera kugwiritsidwa nchito mwacilungamo, ndipo kucotsa munthu pa malonda cifukwa ca maganizo ake a ndale ndi tsankho losaloledwa.

Inu amene muli m'nthambi za zipani m'midzi ndi m'mawadi, mlandu umenewu ndi wanu. Mudzakumana ndi ciyeso cofuna kunong'oneza kwa khansala kuti kasitolo ka uje kaonedwe ndi diso lofiira cifukwa mwini wake sanabwere ku msonkhano wathu, kapena kuti bawa la uje lisakhudzidwe cifukwa mwini wake anagula mafuta a galimoto pa kampeni. Kanani. Zambia yasintha cipani colamula mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. M'caka ca 2021 Boma linalengeza kuti misika ndi masitesheni a mabasi zibwerere m'manja mwa makhonsolo, zicoke m'manja mwa anyamata a cipani. Mau amenewo anali abwino, ndipo adzakhala abwino ngakhale pa mpando pakhale yani.

Lamulo lomweli limagwiranso amphamvu. Lamulo la Malo la 1995 linati malo a mwambo asanaperekedwe pa lendi, afunsidwe mfumu ndi khonsolo. Ngati malowo ali m'dera losungiramo nyama afunsidwenso mkulu wa dipatimenti ya nyama. Ndiponso afunsidwe munthu ali yense amene angakhudzidwe. Pa mlandu wa Siwale ndi Siwale m'caka ca 1999, Khoti Lalikulu Koposa linaima pa mfundo yomweyi, kuti abale okhala ndi gawo pa malo a makolo anayenera kufunsidwa mmodzi wa iwo asanatenge pepala m'dzina lake yekha. Motero amai otunga madzi pa doko, asodzi, ndi olima madimba m'mphepete mwa Lupande kapena Luangwa si anthu opempha cifundo. Lamulo linawaika pa mndandanda wa ofunsidwa.

Ndipo eni ndalama asaganize kuti njira ya kuseri imawakomera. Taonani za mgodi wa mkuwa umene unafuna kutsegulidwa m'nkhalango ya Lower Zambezi. Bungwe la ZEMA linakana mu 2012. Nduna inatembenuza cigamulo cimeneco mu 2014. Milandu inatsatira m'makhoti, ndipo mu 2023 cilolezo cinafafanizidwa. Zaka zoposa khumi za inde ndi iai! Anapindula ndani? Cigamulo cimene cimadalira kuti pa mpando pali yani cimagwa mpandowo ukatembenuka. Wamalonda wanzeru amakonda mzere woonekera umene udzakhalapo mawa, ngakhale umpanikize, kuposa khomo la kuseri limene lingatsekedwe ndi bwana wotsatira.

ZOYENERA KUCITA

Kudandaula kokha sikumanga msika. Nazi zimene tirikupempha.

Coyamba, kwa khonsolo, mafumu ndi dipatimenti ya nyama: mapu akhale amodzi. Pulani ya citukuko ya boma, pulani ya kasungidwe ka nyama ndi mau a mafumu zilankhule cinthu cimodzi pa malo ali onse. Mapu amenewo aonetse pa msika, pa nyumba zokhalamo, pa mabawa kutali ndi sukulu ndi cipatala, njira za njobvu, madoko a anthu onse, manda, ndi malo osefukira. Alembedwe m'Cinyanja, afotokozedwe m'Cikunda, apacikidwe pa msika, pa bwalo la mfumu ndi pa ofesi ya wadi. Lamulo lobisika m'kabati ndi msampha.

Caciwiri, anthu afunsidwe mzere usanajambulidwe. Wina asanene kuti anthu a kumudzi sangamvetse zotere. Cigwa cino ciri ndi umboni wake. Nchito ya LIRDP, imene inayamba mu 1986 ndi thandizo la dziko la Norway, kuyambira mu 1996 inapereka gawo lalikulu la ndalama za nyama ku timagulu ta m'midzi, ndipo anthu ankakhala pansi pa mtengo kugamula okha kuti zingati zigawidwe ku mabanja, zingati zimangire sukulu kapena citsime. Anthu amene anadziwa kugawa ndalama pa bwalo sangalephere kuloza ndi cala pamene njobvu zimapita ndi pamene madzi anafika mu 2007. Zimenezi amazidziwa kuposa wojambula mapu wocokera ku Lusaka.

Cacitatu, amene anamanga mzere usanabwere asachedwe ophwanya lamulo. Ngati kasitolo kao kayenera kucoka cifukwa ca msewu kapena njira ya nyama, apatsidwe malo ena pamene pali makasitomala, nthawi yokwanira yosamukira, ndi cipukuta misozi pamene lamulo lilola. Kusamutsira mai wa tomato ku msika wa kuthengo kumene sikupita munthu ndi kumcotsa nchito mwaulemu cabe.

Cacinai, kalata iri yonse yokana kapena yolamula kugwetsa inene lamulo limene yaimapo, cifukwa cake, ndi kumene munthu angacite apilo. Bwalo la apilo lisakhale dzina lokha m'buku. Lidziwike, ndipo lifike pafupi ndi anthu. Khonsolo iyese kusonkhanitsa zilolezo pa tebulo limodzi, ndipo masiku ena tebulolo liyendere mawadi akutali.

Cacisanu, cingwe cikhale cimodzi. Ngati kantemba sikaloledwa pa njira ya njobvu, mpanda wa loji usaloledwenso. Ngati mai wogulitsa nsima afunsidwa za cimbudzi, nyumba yaikulu ya alendo ifunsidwenso kumene madzi ake oipa amapita. Malo ali onse a pa gombe asanaperekedwe pa lendi, nkhani yake ilengezedwe pa bwalo, ndipo doko la anthu lilembedwe m'panganolo.

Cacisanu ndi cimodzi, kwa inu amalonda: funsani musanaumbe njerwa. Mau a nyakwawa muwapemphe polemba. Sungani malisiti a khonsolo. Mukalandira kalata, musaing'ambe ndipo musapereke ciphuphu. Yankhani polemba, pemphani kumvedwa, ndipo pitani pamodzi monga gulu. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Pomariza, kwa inu a m'makomiti a citukuko a m'mawadi, a m'mabungwe a anthu oyang'anira zacilengedwe, anyakwawa, amai a m'makalabu ndi acinyamata: msonkhano wa mapulani ukaitanidwa, pitani. Ndi msonkhano wosakoma, wopanda ng'oma ndi wopanda zitenje zaulere, koma ndi pamene pamagamulidwa ngati mdzukulu wanu adzakhala ndi pofikira pa mtsinje. Funsani khansala wanu mafunso atatu: mapu ali kuti, anafunsidwa ndani, ndipo wokanidwa amadandaula kuti? Ngati sadziwa, mtumeni akafunse, ndipo abwere ndi yankho pa msonkhano wotsatira.

Abale, Lupande ikhoza kusunga njobvu ndi malonda pamodzi, monga momwe mudzi wa makolo unkasungira manda, dimba ndi bwalo popanda cina kudya cinzake. Cofunika ndi mzere wojambulidwa masana, anthu alikuona. Mai wamasiye uja akauona mzere umenewo, nadziwa kuti mpanda wa wolemera nawo unabwerera m'mbuyo cifukwa ca mzere womwewo, adzasuntha kasitolo kake popanda wapolisi. Koma akaona kuti cingwe cimatalika pa gombe ndi kufupika pa msika, palibe kalata ya khonsolo imene idzamgwira mtima, ndipo mlandu udzakhala wathu tonse amene tinaona ndi kukhala cete.